Ndakopera khadi la SD pa SSD koma Raspberry Pi sikuyaka: ndiyambire pati?

Funso

Bambo, ndithandizeni. Ndili ndi kompyuta yaing'ono ya Raspberry Pi 4 yomwe imagwira ntchito usana ndi usiku ndi khadi la SD la 32 GB, ndipo muli Raspberry Pi OS Bookworm. Poopa kuti khadilo lingafe tsiku lina, ndinagula disiki ya SSD ya 240 GB yokhala m'kabokosi kolumikiza ku USB. Pa laputopu yanga ya Linux ndinatsegula GParted, pulogalamu yokonzera magawo a disiki, ndinakonza tebulo latsopano la magawo pa SSD, kenako ndinakopera magawo onse awiri a pa khadi n'kuwaika pa SSD, lachiwirilo n'kulikulitsa kuti lidzaze disiki yonse. Mafayilo onse akuonekamo bwinobwino. Koma ndikachotsa khadi n'kulumikiza SSD, kagetsi kobiriwira kamathwanima pang'ono kenako zii, ndipo SSH, njira yomwe ndimalowera mu Pi kudzera pa netiweki, siyankha. Ndikabwezera khadi, zonse zimayenda ngati kale. Pi imeneyi ilibe sikirini. Kodi SSD ndi yakufa, kapena ndikopere kachiwiri?

Yankho

Achimwene, mwachita bwino kufotokoza njira yomwe munakoperera, chifukwa yankho labisala m'menemo. Sindikuganiza kuti SSD yanu ndi yakufa, ndipo musavutike kaye ndi kukopera kachiwiri: mukabwereza njira yomweyo mudzafikanso pomwe mulipa. Chinanso, khadi lakalelo lisamaleni ngati diso lanu. Pa zonse zomwe ndikuuzeni pansipa, zolemba ndi zosintha zichitike pa SSD yokha. Khadi likakhala bwino, mukhoza kulakwitsa kangapo konse osataya kanthu.

Mawu akuti "sikuyaka" amabisa zinthu zambiri zosiyana. Pi ikalandira magetsi sidumphira pa Linux nthawi yomweyo, imadutsa m'manja angapo. Choyamba imadzuka ndi kapulogalamu kotchedwa bootloader, komwe pa Pi 4 ndi Pi 5 kamakhala m'kachipangizo ka EEPROM pa bolodi pomwepo, osati pa khadi. Bootloader imayang'ana disiki yoti iyakire, n'kutsegula gawo loyamba la FAT32 momwe muli start4.elf, config.txt, cmdline.txt ndi kernel, yomwe ndi mtima wa Linux. Kernel ikayamba kuyenda imafunafuna gawo lachiwiri, la ext4, momwe muli Linux yonse. Ikalipeza, systemd, pulogalamu yodzutsa zina zonse, imawerenga mndandanda wa magawo mu fayilo ya /etc/fstab n'kumangirira magawo otsala, kenako netiweki ndi SSH zimadzuka kumapeto kwenikweni. Ndiye SSH ikakhala chete, chomwe mwadziwa n'chakuti ulendowu sunafike kumapeto, kapena wafika koma inu mukugogoda pa khomo lolakwika. Pomwe waimira simunapadziwe.

Kagetsi kobiriwirako nakonso kasakunamizeni. Pa Pi 4, Linux ikangoyamba kuyenda, kagetsiko kamaonetsa zochitika za pa khadi la SD. Khadi likakhala mulibe, kamatha kukhala duu ngakhale SSD ikugwira ntchito mwamphamvu. Kamalankhula zomveka pokhapokha bootloader ikalephera, ndipo pamenepo kamathwanima mobwerezabwereza mowerengeka: kanayi mwachidule n'kupuma ndiye kuti fayilo ya start.elf sinapezeke, kasanu ndi kawiri ndiye kuti kernel sinapezeke, kawiri motalika kenako kamodzi mwachidule ndiye kuti gawo loyamba si la FAT. Inu simunatchule kuthwanima kobwereza kotere, choncho ndikukhulupirira kuti gawo loyambalo likuwerengedwa ndipo kernel ikuyamba.

N'chifukwa chake ndikupemphani kuti mubwereke sikirini kapena TV ndi chingwe cha micro-HDMI, ngakhale kwa ola limodzi lokha. Chilowetseni pa poti ya HDMI yoyandikana ndi polowera magetsi, musanayatse Pi. Kukonza kompyuta yosayaka popanda sikirini n'kupapasa mumdima, ndipo ine ndinataya madzulo athunthu tsiku lina ndikusinthasintha mafayilo a disiki yomwe inalibe vuto lililonse: makinawo ankayaka bwino nthawi yonseyo, kungoti rauta inali itawapatsa nambala ya IP ina. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndayang'ana mndandanda wa zipangizo pa rauta ndisanakhudze chilichonse. Inunso yang'anani pamenepo, sizitenga mphindi ziwiri.

Tsopano ku chimene ndikuchikayikira kwambiri. Tsegulani cmdline.txt ndipo mudzapeza mzere wooneka chonchi, nambala zokha ndi zomwe zidzasiyane:

console=serial0,115200 console=tty1 root=PARTUUID=1a2b3c4d-02 rootfstype=ext4 fsck.repair=yes rootwait

Mawu akuti root=PARTUUID ndiwo keyala yomwe kernel imapatsidwa kuti ikapeze gawo la Linux. Funso n'lakuti nambalayo imachokera kuti. Pa disiki ya tebulo la MBR, lomwe GParted imalitcha msdos, m'kachidutswa koyamba kenikeni ka disiki, kotchedwa sector yoyamba, muli mabayiti anayi, kuyambira pa bayiti ya 440, omwe ndi chizindikiro cha disikiyo. Zilembo ndi manambala asanu ndi atatu aja ndi mabayiti anayi amenewo, ndipo -01 kapena -02 ndi nambala ya gawo. Ndiye kuti PARTUUID sikhala m'kati mwa gawo, imakhala m'tebulo la magawo. Inu mutakonza tebulo latsopano pa SSD, GParted inapatsa SSD chizindikiro chake chatsopano. Kenako munakopera magawo ndi zonse za m'kati mwake, kuphatikizapo cmdline.txt ndi fstab zomwe zikutchulabe chizindikiro cha khadi. Munthu wasamuka, koma kalata ikupitabe ku keyala yakale. Kernel ikuyamba kuchokera pa SSD, ikufunsa gawo la pa khadi, khadilo palibe, ndipo ikungodikira.

Pa sikirini zimenezi zimaoneka m'njira zingapo. Pa Bookworm, yomwe inatuluka mu Okutobala 2023, nthawi zambiri mudzaona uthenga wonena kuti PARTUUID yakuti-yakuti "does not exist", kenako mzere woyamba ndi mawu akuti initramfs ukudikira kuti mulembe lamulo. Pa mitundu yakale ya Raspberry Pi OS zolemba zimangoima pa "Waiting for root device" mpaka kalekale, kapena kernel imagwa ndi mawu akuti "Unable to mount root fs on unknown-block". Mukaona chimodzi mwa zimenezi, dziwani kuti bootloader, chingwe ndi gawo loyamba zachita ntchito yake, ndipo mwatsala pang'ono.

Kukonza kwake n'kwa mphindi khumi. Lumikizani SSD ku laputopu ija, khadi likhale kutali kuti musasokoneze ziwirizi, n'kulemba:

lsblk -o NAME,SIZE,FSTYPE,UUID,PARTUUID

Izindikireni SSD ndi kukula kwake, musamangokhulupirira dzina. Ine ndiitcha sdb, koma kwa inu ikhoza kukhala sda kapena sdc. Pamenepa pali msampha womwe umakola anthu ambiri: mudzaona mizati iwiri, UUID ndi PARTUUID, ndipo ndi zinthu zosiyana. UUID ndi chizindikiro cha m'kati mwa gawo, cha ext4 kapena FAT yeniyeniyo, ndipo GParted inachikopera momwe chinalili. Munthu akayerekeza UUID ya pa khadi ndi ya pa SSD amapeza kuti n'zofanana, n'kunena kuti vuto silili pamenepa. Koma cmdline.txt ikufunsa PARTUUID, ndipo imeneyo ndiyo yasintha. Lembani PARTUUID ya sdb1 ndi ya sdb2 papepala. Ngati posankha tebulo munasankha gpt m'malo mwa msdos, nambalazo zidzakhala zazitali, zilembo 36 kuwerengera ndi timizere tapakati, zopanda -01 kapena -02 kumapeto, ndipo gawo lililonse lidzakhala ndi yakeyake. Zilibe kanthu, Pi 4 ya bootloader yatsopano imawerenga GPT. Ingokoperani nambala yonse momwe ilili.

Kenako tsegulani gawo loyamba:

sudo mount /dev/sdb1 /mnt
sudo nano /mnt/cmdline.txt

Sinthani nambala ya pambuyo pa root=PARTUUID= kuti ikhale ya gawo lachiwiri la SSD. Fayilo imeneyi iyenera kukhala mzere umodzi wokha. Mukadula mzerewo pakati, zonse za mu mzere wachiwiri zimatayika, ndipo ngati rootwait ili m'gulu lotayikalo kernel sidzadikira SSD kuti ionekere pa USB. Khadi la SD limaoneka msanga, koma disiki ya USB imatenga masekondi angapo, choncho rootwait ndi yofunika kwambiri kwa inu tsopano kuposa kale. Mukasunga, masulani gawolo n'kutsegula lachiwiri:

sudo umount /mnt
sudo mount /dev/sdb2 /mnt
sudo nano /mnt/etc/fstab

M'menemo muli mizere iwiri ya PARTUUID. Wa /boot/firmware upatseni nambala ya gawo loyamba, wa / upatseni ya gawo lachiwiri. Ambiri amakonza cmdline.txt n'kuiwala fstab, ndipo zotsatira zake zimasokoneza mutu chifukwa zimaoneka ngati vuto latsopano: Linux imayamba bwino, zolemba zimatsika zambiri, kenako imaima kwa mphindi imodzi ndi theka ikudikira gawo lomwe kulibe, n'kugwera mu emergency mode. Poti akaunti ya root pa Raspberry Pi OS imakhala yotseka, imakuuzaninso kuti singakutsegulireni polembera. Musachite mantha mukaona zimenezo, ndi fstab chabe. Muli pomwepo, yang'ananinso ngati mu fstab muli madisiki ena omwe munawonjezera kale koma sanalumikizidwe lero. Mzere uliwonse wotere uikeni mawu akuti nofail, apo ayi nawonso udzaimitsa makina.

Musanachotse SSD pa laputopu, masulani gawo lachiwirilo n'kuliyeza, poti munalikulitsa:

sudo umount /mnt
sudo e2fsck -f /dev/sdb2

Pali njira ina yachidule yomwe mudzaimva kwa ena: m'malo mosintha mafayilo awiri, kusintha chizindikiro cha SSD kuti chifanane ndi cha khadi, pogwiritsa ntchito fdisk. Imagwira ntchito, koma ine sindikulangizani. Mukatero mwapanga mapasa, madisiki awiri a dzina limodzi, ndipo vuto la mapasa n'loipa kuposa lomwe muli naloli chifukwa silidzionetsa msanga. Ndi vuto lomwe amakumana nalo onse okopera ndi dd, yomwe imatenga bayiti iliyonse kuphatikizapo tebulo la magawo. Disiki yokopedwa ndi dd imayaka bwino ikakhala yokha. Koma tsiku lomwe khadi ndi SSD zilumikizidwe pamodzi, kernel ikafunsa 1a2b3c4d-02 pamayankha awiri, ndipo imatenga yemwe waoneka poyamba. Zikhoza kuchitika kuti / yachokera pa SSD pomwe /boot/firmware yachokera pa khadi. Makina amayenda bwinobwino, mpaka tsiku lomwe apt, pulogalamu yoikira mapulogalamu, ibweretse kernel yatsopano: kernelyo imalembedwa pa disiki ina, ma module ake, timapulogalamu toyendetsa zipangizo, pa disiki ina. Mukadzachotsa khadi, kernel yakale imakumana ndi ma module osagwirizana nayo, ndipo zinthu monga Wi-Fi zimasiya kugwira ntchito popanda chifukwa chooneka. N'chifukwa chake pulogalamu ya SD Card Copier, yomwe imabwera ndi Raspberry Pi OS ya desktop, ili ndi kabokosi kochonga kakuti "New Partition UUIDs". Mukakachonga, imapatsa kope chizindikiro chatsopano n'kukonzanso yokha cmdline.txt ndi fstab. Mukadzafuna kukoperanso mtsogolo, imeneyo ndiyo njira yosavuta, ndipo kwa opanda desktop pali rpi-clone yomwe imachita ntchito yofanana.

Ndikuyembekezera kuti mukakonza mafayilo awiriwo Pi yanu iyaka. Koma ikapanda kuyaka, musabwerere kukasinthanso nambala zomwe mwaziona kale kuti zili bwino. Yang'anani sikirini.

Ngati pa sikirini pakuoneka tsamba lakuda la zolemba za bootloader, lokhala ndi chizindikiro cha Raspberry Pi pamwamba, ndipo likungozungulira kufuna khadi osatchula USB, ndiye kuti sitinafike n'komwe pa kernel. Pi 4 itatuluka mu Juni 2019 sinkatha kuyakira pa USB. Luso limenelo linabwera ndi bootloader ya mu 2020, ndipo bolodi yakale yomwe EEPROM yake sinasinthidwepo imangodziwa khadi. Bwezerani khadi, yatsani, n'kulemba:

vcgencmd bootloader_version
rpi-eeprom-config

Lamulo loyamba likuuzani deti la bootloader. Ikakhala yakale, lembani sudo rpi-eeprom-update -a n'kuyatsanso. Lachiwiri likuonetsani mzere wa BOOT_ORDER, womwe umawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere. Nambala 1 ndi khadi la SD, 4 ndi disiki ya USB, 6 ndi disiki ya mtundu wa NVMe, ndipo f akutanthauza kuyambiranso. Choncho 0xf41 ndiye kuti yesa khadi, likasowa yesa USB, zikalephereka yambiranso. 0xf14 ndi USB poyamba, khadi pambuyo. Mu nambala yanu mukakhala mulibe 4, SSD sidzayesedwa ngakhale itakonzedwa bwino chotani. Mukhoza kusintha mu raspi-config, pa Advanced Options kenako Boot Order. Ine ndimakonda kusiya 0xf41, chifukwa SSD ikadzavuta ndimangolowetsa khadi n'kuyakira pamenepo popanda kuchotsa chilichonse. Kusintha kumeneku kumasungidwa mu EEPROM, koma podutsa kumaika timafayilo tosakhalitsa pa gawo loyamba la khadi, ndiye ngati mukufuna kuti khadi lanu lisakhudzidwe n'komwe, tengani khadi lina lopanda ntchito, mulilembe ndi Raspberry Pi Imager posankha Bootloader ya USB Boot pansi pa Misc utility images. Mukaliyatsa mu Pi, sikirini imasanduka yobiriwira ntchito ikatheka.

Ngati BOOT_ORDER ili bwino, PARTUUID ili bwino, koma makina akuimabe kernel itayamba, kapena akuyaka lero mawa n'kukana, maso anu atembenukire ku kabokosi ka USB ndi ku magetsi. Ziwirizi zimayeserera matenda ena onse, n'chifukwa chake zimatopetsa.

Tiyambe ndi kabokosi. M'kati mwake muli kachipangizo komasulira pakati pa SATA, yomwe ndi polumikizira pa SSD, ndi USB, ndipo Linux imalankhula nako m'njira ziwiri: yakale yapang'onopang'ono, ndi yatsopano yothamanga yotchedwa UAS. Bootloader imagwiritsa ntchito yakale ija, choncho imawerenga kernel popanda vuto. Kernel ikayamba imasamukira ku UAS, ndipo timabokosi tina timati timaidziwa UAS koma tikapanikizidwa timakomoka. Disiki imasowa pakati pa ntchito, ndipo pa sikirini zimafanana kwambiri ndi vuto la PARTUUID. Kuyeza kwake n'kosavuta: chotsani SSD pa poti yabuluu ya USB 3.0, muilowetse pa poti yakuda ya USB 2.0. Ikayaka pamenepo koma n'kumakana pa yabuluu, mwamugwira wolakwa. Kuti mutsimikize, yakirani pa khadi, lumikizani SSD pa poti yabuluu, tsegulani sudo dmesg -w pa windo lina kuti muziona mauthenga a kernel, ndipo pa lina muiwerengetse ntchito yolemera:

sudo dd if=/dev/sda of=/dev/null bs=4M count=1000 status=progress

Lamuloli limangowerenga, sililemba kanthu pa SSD, bola musasinthanitse if ndi of. Mukaona mizere yotchula uas_eh_abort_handler kapena "reset SuperSpeed USB device" ikutuluka mu dmesg, kabokosiko sikakugwirizana ndi UAS, kapena magetsi akuchepa. Lembani lsusb, mupeze mzere wa kabokosiko, ndipo mudzaona nambala ziwiri zolekanitsidwa ndi timadontho tiwiri, mwachitsanzo 152d:0578. Kumayambiriro kwa mzere wa mu cmdline.txt ya pa SSD onjezani usb-storage.quirks=152d:0578:u, mutaika nambala zanu, n'kusiya mpata umodzi mawu otsatira asanayambe. Chilembo cha u chikuuza kernel kuti isagwiritse ntchito UAS pa chipangizo chimenecho. Liwiro litsika pang'ono, koma lidzaposabe la khadi kutalitali. Kwa makina oyenda usana ndi usiku ngati anuwa, ine ndikanasintha kabokosiko mpata ukapezeka, chifukwa sindikonda kusunga mafayilo ofunika kuseri kwa chipangizo chomwe ndikudziwa kuti chimakomoka.

Za magetsi, Pi 4 imafuna tchaja ya 5.1 V ndi 3 A, ndipo mapoti ake onse anayi a USB amagawana pafupifupi 1.2 A. SSD imakoka mphamvu zambiri pa nthawi yodzuka ndi polemba, nthawi yomweyo yomwe purosesa nayo ikukoka zambiri. Tchaja ya foni kapena chingwe chopyapyala chachitali, zomwe zinkakwanira pa khadi, zikhoza kugonja SSD ikabwera. Mphamvu ikatsika kufika cha pa 4.63 V, Pi imazindikira n'kusunga chizindikiro. Mukamaliza kuwerengetsa kuja lembani vcgencmd get_throttled. Yankho la 0x0 ndi labwino. 0x50000 ndiye kuti magetsi anatsikapo chiyatsireni makina, ndipo 0x50005 ndiye kuti ndi otsika panopo. Kagetsi kofiira kakamazima kapena kuthwanima, kakunena zomwezo. Poyeza, chotsani zina zonse za pa USB kuti SSD itsale yokha, ndipo ngati muli ndi hub, kachipangizo kochulukitsa mapoti a USB, yokhala ndi tchaja yakeyake, yesani kudzera pamenepo.

Pali mavuto ena a kukopera omwe sakukhudzani kwenikweni, koma ndiwatchule mwachangu poti mwina mudzakopera ndi dd tsiku lina. Disiki yolandira ikachepa ngakhale ndi mabayiti ochepa, mapeto a gawo la ext4 amadulidwa, ndipo makhadi awiri olembedwa 32 GB sakhala ofanana ndendende. Kukopera ndi dd makina akuyenda pa disiki yomweyo kumatulutsa kope losokonekera, chifukwa mafayilo amasintha kukopera kuli m'kati. Kulemba of=/dev/sdb1 m'malo mwa of=/dev/sdb kumathira disiki yonse m'kati mwa gawo limodzi. Ndipo timabokosi tina timaonetsa disiki ngati ya ma sector a mabayiti 4096 pomwe khadi ndi la 512. Poti tebulo la magawo limawerenga malo m'ma sector, tebulo lokopedwa limaloza malo olakwika kasanu ndi katatu. Lamulo la sudo blockdev --getss /dev/sdb limakuuzani kukula kwa sector.

Ndanena zambiri za Pi 4 chifukwa ndiyo muli nayo, koma mukadzasamutsira SSD yomweyi pa bolodi ina, malamulo amasintha. Pi 3 Model B siyakira pa USB pokhapokha mutayamba mwaika program_usb_boot_mode=1 mu config.txt n'kuyatsa kamodzi ndi khadi, ndipo kusintha kumeneko sikubwezeka. Pi 3 Model B+ imatha yokha. Pi 5, yomwe inatuluka mu 2023, imafuna Bookworm kapena yatsopano kuposa pamenepo, choncho kope la Bullseye, mtundu wa m'mbuyo mwa Bookworm, siliyaka pa iyo ngakhale nambala zonse zitakhala zolondola. Komanso Pi 5 ikapatsidwa tchaja ya 3 A imachepetsa mphamvu ya ku USB kufika pa 600 mA ndipo siyakira pa USB mwa iyo yokha. Ndi tchaja ya 5 A mapoti amalandira 1.6 A. Mabolodi a makampani ena ndiye ndi nkhani ina. Pa ambiri okhala ndi purosesa ya Allwinner kapena Rockchip, bootloader yotchedwa U-Boot sikhala m'gawo lililonse, imalembedwa pa malo opanda kanthu a kumayambiriro kwa disiki, gawo loyamba lisanayambe: pa Allwinner kuyambira pa 8 KB, pa Rockchip kuyambira pa sector 64. Njira yanu ya GParted ikanasiya bootloader yonseyo m'mbuyo, ndipo bolodiyo ikanangokhala chete osaonetsa ngakhale chilembo chimodzi. Ambiri mwa mabolodi amenewa sathanso kuyamba kuchokera pa USB pawokha, ndiye bootloader imatsala pa khadi kapena pa kachipangizo kosungira ka pa bolodi, ka eMMC kapena SPI, Linux yokha n'kusamukira pa SSD. Ogwiritsa ntchito Armbian, mtundu wa Linux wa mabolodi amenewa, ali ndi lamulo la armbian-install lochitira zimenezi.

Ngati sikirini yasowa ndithu, pali njira ina yoonera zomwe Pi ikunena: kachingwe ka USB kopita ku serial, ka 3.3 V osati 5 V. Kamalumikizidwa pa mapini 6, 8 ndi 10, liwiro lake ndi 115200. Ikani enable_uart=1 mu config.txt ya pa SSD kuti muone mawu a kernel, ndi BOOT_UART=1 mu EEPROM kuti muonenso a bootloader. Kwa munthu wosunga makina opanda sikirini, kachingweka n'koyenera kukhala nako.

Pi ikayaka, musathamangire kukondwera musanafunse komwe yayakira. Lembani findmnt / kenako findmnt /boot/firmware. Zonse ziwiri zitchule sda, china sda2 china sda1. Chimodzi chikatchula mmcblk0, ndiye kuti khadi likadali m'kati ndipo likugwirabe gawo la ntchito. Lembaninso df -h kuti muone ngati / ikuonetsa kukula kwa SSD yonse. Ikaonetsa pafupifupi 30 GB yokha, gawo linakula koma ext4 ya m'kati mwake sinakule, ndipo sudo resize2fs /dev/sda2 imakonza zimenezo makina akuyenda. Kenako zimitsani kotheratu, zulani tchaja, yatsaninso, kawiri kapena katatu. Kuyatsanso ndi lamulo la reboot ndi kuyatsa kuchokera pozimiratu n'zosiyana kwa kabokosi ka USB, ndipo n'kwabwino kudziwa lero ngati makina anu adzadzuka okha magetsi akadzazima n'kubweranso inu kulibe.

Khadi lakale musalifufute. Lisungeni momwe lilili kwa milungu ingapo. Kumbukirani kokha kuti ngati mudzaliika mu Pi ina pa netiweki yomweyo, makina awiriwo adzakhala ndi dzina limodzi, makiyi a SSH amodzi ndi /etc/machine-id imodzi, ndipo zimenezo ziyenera kusinthidwa pa imodzi mwa izo.

Zikakanikabe mutachita zonsezi, ndilembereninso ndipo munditumizire zinthu zinayi: chithunzi cha sikirini pomwe zolemba zaimira, zotuluka pa lamulo la lsblk lija SSD ili pa laputopu, mzere wonse wa mu cmdline.txt ya pa SSD, ndi mzere wa kabokosi kanu kuchokera mu lsusb.